Ku India asala kudya, ku Nepal apha mbuzi, koma chikondwerero n'chimodzi

Malire a India ndi Nepal ndi otalika makilomita oposa 1,700, ndipo kuchokera pa pangano la 1950 nzika za maiko awiriwa zimawoloka popanda viza. Ahindu ndiwo ochuluka mbali zonse. Koma ukasuzumira m'khitchini m'mwezi wa September kapena October, pamene onse akupembedza mulungu wamkazi Durga, ungaganize kuti ndi anthu a zipembedzo ziwiri zosiyana.

Kumpoto ndi kumadzulo kwa India nyengoyi imatchedwa Navaratri, kutanthauza mausiku 9. Mabanja ambiri amasala. Nyama sailawa, anyezi ndi adyo salowa mumphika, tirigu ndi mpunga amaziika pambali. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti chakudya chotchuka cha masiku osalawa, sabudana, ndi timibulu toyera topangidwa ndi chinangwa, chomwechi timadyera kondowole. Amatiika m'madzi usiku, m'mawa n'kutikazinga ndi mbatata ya kachewere ndi mtedza wosinja.

Ku Nepal masiku omwewo ndi a Dashain, chikondwerero cha masiku 15, ndipo mbuzi zimaona zakuda. Pa tsiku la 8 ndi la 9 mbuzi ndi njati zoweta zimaperekedwa nsembe, kuyambira pa bwalo lakale lachifumu la Hanuman Dhoka ku Kathmandu mpaka m'makomo a kumudzi. Banja losauka limene silikhudza nyama miyezi yambiri limayesetsa ndithu kuti pa Dashain mphika ununkhire, monga timachitira ife pa Khirisimasi. Kwa zaka zambiri gawo lalikulu la mbuzizo linkagulidwa ku India komweko, kumene eni ake anali akusala. Ngakhale mdalitso umaperekedwa ndi chakudya: pa tsiku la 10 akuluakulu amamata pamphumi pa ana awo mpunga wosakaniza ndi chambiko ndi utoto wofiira.

India si amodzi, tisanamizane. Mumzinda wa Kolkata, kumene chikondwererochi chimatchedwa Durga Puja ndipo chinalembedwa mu 2021 pa mndandanda wa miyambo yofunika wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, anthu amadya nsomba ndi nyama ya mbuzi mosabisa, ndipo pamalo opembedzera amagawa khichuri, mpunga wophikira pamodzi ndi mphodza, kwa aliyense wofika.

Patapita masabata pafupifupi atatu pamabwera Diwali, chikondwerero cha nyale, imene anthu a ku Limbe amaidziwira ku makombola ophulika usiku. Ku India ino ndi nyengo ya mithai, zotsekemera za mkaka, shuga ndi ufa wa tchana: laddu, barfi, jalebi, kaju katli. Mabokosi amayenda kuchoka khomo lina kupita lina, bwana kupatsa antchito, wamalonda kupatsa makasitomala. M'makachisi, tsiku lotsatira Diwali amaunjika Annakut, phiri la chakudya, nthawi zina mitundu 56. N'zokongola. Koma m'mizinda zambiri mwa zotsekemerazi tsopano ndi zogula, ndipo chaka chilichonse akuluakulu oona za chakudya amagwira khoya wachinyengo, mkaka wouma umene amapangira maswitiwa, chifukwa ofuna amachuluka kuposa mkaka umene ulipo.

Apa m'pamene mtima wanga umapendekera ku Nepal. Iwo nyengo ya Diwali amaitcha Tihar, masiku 5, ndipo munthu sayamba kudya ndiye. Tsiku loyamba chakudya amaikira akhwangwala padenga kapena pabwalo. Lachiwiri ndi la agalu, Kukur Tihar: galu aliyense, ngakhale wongoyendayenda mumsewu, amavekedwa nkhata ya maluwa m'khosi, kupakidwa chizindikiro chofiira pamphumi, n'kupatsidwa nyama, mazira kapena mkaka. Lachitatu ng'ombe yaikazi, lachinayi ng'ombe yolimira imene yakoka khasu chaka chonse. Palibe mwa zolengedwa zimenezi chimene chingabweze bokosi la maswiti, ndipo mwana amene wakula akuona mayi ake akugwadira galu ndi mbale m'manja amaphunzira chinthu chimene bokosi logula silingamuphunzitse.

Chakudya chenicheni cha Tihar ndi sel roti. Mpunga amaunyika usiku wonse, kuusinja, kusakaniza ndi shuga ndi mafuta a mkaka otchedwa ghee, ena amaikamo nthochi ngati zitumbuwa zathu. Kenako mayi amatapa phalalo ndi dzanja n'kulizunguliza m'mafuta otentha kuti lituluke lozungulira ngati nkhata yosenzera mtsuko. Pamafunika luso, ndipo woyamba kumene zimamuthera zokhotakhota. Ku Kathmandu nakonso ogulitsa alipo, koma m'mabanja ambiri ikadali ntchito ya pakhomo.

Tsiku lomaliza, Bhai Tika, lofanana ndi Bhai Dooj ya ku India, mlongo amadalitsa alongo ake aamuna ndi mitundu 7 ya utoto pamphumi n'kuwapatsa mtedza, zipatso zouma ndi sel roti imene anakazinga yekha. Sel roti imatha masiku angapo osaonongeka, choncho mnyamata wobwerera kuntchito ku Delhi kapena Mumbai amainyamula m'chikwama n'kuwoloka nayo malire.