Musanagule chibokosi cha masipanala, ifunseni kaye njinga yanu

Anzanga a njinga zamoto kuno ku Salima, pali khalidwe lina limene landikwana. Munthu wagula njinga ya ndalama zankhaninkhani, waiveka magetsi othwanima, waimangirira sipika yoti akamadutsa pa Kamuzu Road aliyense acheuke, koma kunyumba kwake chida chimene chilipo ndi pulayala imodzi yotha mano. Yomweyo akungire tcheni, yomweyo amasulire bawuti ya oilo, yomweyo akhomere. Ikakanika, atenga hamala ndi tchizulo. Pakatha miyezi ingapo palibe nati imene yatsala ndi makona, ndiye ayambe kudandaula kuti njinga za masiku ano n'zachabechabe. Ayi achimwene, njingayo ilibe mlandu.

Palinso ena amene ndimawamvera chisoni kwambiri chifukwa cholinga chawo n'chabwino. Akagulitsa mpunga kapena thonje amathamangira chibokosi chonyezimira chija, cha zida zoposa 100, chotchipa modabwitsa. Tsegulani bokosilo muone. Theka la zimene zilimo njinga yanu siidzazifuna mpaka idzatha: masoketi a mainchi, titsulo ta masikuluu a wailesi, tating'onoting'ono tosadziwika ntchito yake. Zochepa zimene mukuzifunazo n'zachitsulo chofewa. Mukangokoka mwamphamvu kamodzi, sipanala yayasamula, yaterereka, yadya makona a nati, chala chanu chakamenya injini.

Ine ndikuti gulani zida zochepa koma zenizeni, chimodzichimodzi mmene thumba likulolera, ndipo imene ikuuzeni zoti mugule ikhale njinga yanuyo, osati wogulitsa.

Njinga zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu, ma Lifan, ma Sanlg, ma King Lion ndi zinzake za ku China, injini zake anatengera za Honda zakale, makamaka CG125. N'chifukwa chake mabawuti ake amayenda pa manambala omwewomwewo: 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19. Ndi masipanala asanu ndi imodzi amenewa mugwira pafupifupi ntchito yonse imene munthu angaigwire pakhonde. Nambala 13 muipeza apo ndi apo, kawirikawiri pamene wina anataya bawuti n'kuikapo ya mu hadiweya. A Boxer ndi a TVS, zanuzo n'za ku India, musangotengera manambala a mnzanu. Ndipo nati ya ekiselo ya kumbuyo imasiyana njinga ndi njinga, ina 19, ina 22, ina kuposa apo. Choncho popita kokagula musasiye njinga kunyumba. Iimikeni pakhomo pa shopu, pemphani sipanala, kaiyeseni pa nati yeniyeniyo. Wogulitsa wokana zimenezi akudziwa chimene akugulitsa.

Poyesapo, ivekeni pa nati n'kuigwedeza uku ndi uku osakoka. Yabwino imalowa mothina, kugwedera kwake kumakhala kochepa kwambiri. Yabodza imavina. Kenako itembenuzeni muone mkati mwa ring'i: mano akhale akuthwa ndi ofanana kuzungulira konse, ndipo chibowo chikhale pakati, osati mbali ina yonenepa ina yopyapyala. Nambala ikhale yodinda mozama m'chitsulo. Mukaona kunyezimira kwake kwayamba kale kusupuka ikadali pa shelefu, isiyeni. Mawu oti Chrome Vanadium asakunyengeni, masiku ano alembedwa pa sipanala iliyonse, yeniyeni ndi yabodza yomwe. Chimodzimodzinso mayina otchuka, alipo owakopera.

Mugule ija ya mbali imodzi ring'i, mbali ina yotsegula. Pomasula nati yolimba gwiritsani ring'i, chifukwa imagwira makona onse asanu ndi limodzi, pamene yotsegula imagwira mbali ziwiri zokha. Shifitini ikhalepo yogwirizira mbali ina ya ekiselo, koma isakhale ya tsiku ndi tsiku. Manati ambiri obulungira amene mukuwaona pa njinga za kabaza ndi ntchito ya shifitini ndi pulayala.

Za mitengo tonse tikudziwa. Zida zonsezi zimachokera kunja, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cha mu hadiweya chinathawa. Apa m'pamene kaunjika amathandiza. Mukapita ku Lilongwe, m'malo mongothera m'mashopu a ku Malangalanga, yendaninso kwa anyamata oyala zitsulo zakale pansi m'misika. Sipanala yakale ya Gedore, yakuda bii, ya dzimbiri pang'ono, imene inagwirapo ntchito m'galaja kwa zaka zambiri, ine ndingaisankhe kusiya yatsopano yonyezimira yosadziwika kwawo. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi parafini. Chongoyang'anitsitsa n'chakuti isakhale yong'aluka, yowotcherera kapena yoyasamula kale.

Koma mukandifunsa choyamba kugula, si sipanala ayi. Ndi pampu ndi kageji koyezera mpweya. Njinga zathu zimanyamula zimene ozipanga sanaziganizire: anthu awiri, thumba la mpunga wa ku Lifuwu, dengu la usipa wa ku Senga Bay, zonse pa tayala limodzi lakumbuyo. Kudina tayala ndi chala sikuuza munthu chilichonse, tayala la njinga yamoto n'lolimba ngakhale mpweya utachepa. Likakhala lofewa limatentha, limatha m'mbali, limamwetsa mafuta, ndipo mukagunda dzenje limu imatsina chubu n'kuchiboola pawiri. Mafuta akuvutira chonchi, kuwataya chifukwa chosowa kageji n'zomvetsa chisoni. Muyezo woyenera umalembedwa pa kapepala komata pafupi ndi tcheni kapena m'kabuku ka njinga. Pa njinga zing'onozing'onozi umakhala cha m'ma 25 psi (muyezo wa mpweya wolembedwa pa kageji) kutsogolo, ndi 28 mpaka 33 kumbuyo malinga ndi katundu. Yezani m'mawa musanayende, osati masana tayala litapsa ndi phula la M5.

Pamodzi ndi pampu mugule zitsulo zotsegulira tayala, ziwiri kapena zitatu, zigamba, guluu wake ndi kakiyi ka valavu. Sikuludiraiva si yotsegulira tayala. Mumata bowo limodzi, pobwezeretsa muboola lina.

Tsopano tcheni, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa kwathu kuno mdani wamkulu ndi mchenga. Njira zopita kunyanja n'zamchenga, m'chilimwe fumbi, dzinja matope a makande omata ngakhale pa masipoko. Anthu ambiri amapaka girizi wambiri poganiza kuti akusamala. Girizi akasakanikirana ndi mchenga amasanduka ngati mwala wonolera mpeni, tcheni ndi masipuloketi zimangodyana mpaka mano kupindika. Zida zofunika apa n'zosalira ndalama: mswachi wakale, kachitini ka parafini, sanza, ndi kabotolo ka oilo wa giya, uja wa 90. Tsukani, pukutani, dontheretsani oilo pang'ono mkati mwa tcheni mukuzunguza tayala ndi dzanja, injini ili yozimitsa, kenako pukutaninso wotsala pamwamba. Ndikudziwa ena muti oilo wakuda wochotsa mu injini alipo waulere. N'zoona amaposa kuyenda chouma, koma n'ngopyapyala, amangouluka, ndipo ali kale ndi zinyenyeswa za chitsulo.

Pokunga, musakoke mpaka chiti gwa. Tcheni chimafuna mpata wosewera wa masentimita awiri kapena atatu mukachikankha ndi chala pakati, chifukwa mukakweza munthu chimakokekanso. Chothina chimapha mabeling'i. Manati okokera a mbali zonse ziwiri ayende mofanana, apo ayi tayala liyenda chopendekera. Zambiri mwa njingazi tcheni chake ndi nambala 428, ndiye kajointi kapadera ka nambala imeneyo kazikhala m'thumba la zida. Poika kakilipu kake, mbali yotseka iziyang'ana kumene tcheni chikulowera. Apa ndiye pamene pulayala ili ndi ntchito yake yoyenera, pamodzi ndi pa mawaya ndi mapini.

Masikuluu a mtanda ndi nkhani ina yopweteka mutu. A pa kabuleta ndi pa zivundikiro n'ngofewa, ndipo sikuludiraiva yotha nsonga imawakumba mutu kamodzi kokha. Pa njinga za ku Japan monga Honda ndi Yamaha, ambiri ndi a mtundu wa JIS, mtanda wa muyezo wa ku Japan, ena amakhala ndi kadontho pamutu, ndipo sikuludiraiva wamba ya sitala imakonda kudumphamo. Mukapeza ya JIS musaisiye. Mukapanda kuipeza, gulani ya sitala nambala 2 ndi nambala 3 za nsonga yolimba, ndipo pomasula mphamvu yambiri ipite pokankhira mkati, yochepa pozunguza. Pali chida china chimene ndimaona kuti eni njinga ambiri sachidziwa, sikuludiraiva yonenepa yomenya ndi hamala kumbuyo, amati impact driver. Mukaimenya imakanikiza ndi kuzungulira nthawi imodzi. Sikuluu imene mukanaiswa ndi tchizulo imatuluka yamoyo.

Sipanala ya pulagi nayonso ili pawiri: mapulagi oyamba ndi D8, a injini za mtundu wa CG, amafuna 18, pamene oyamba ndi C7, a tiinjini togona tija, amafuna 16. Werengani pa pulagi yanu. Poibwezera yambani ndi zala mpaka ikhale pansi, sipanala ingomalizitsa pang'ono. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, mukaupotokola mazinga ndalama yake mukanagulira zida zonse zimene ndatchulazi. Chimodzimodzi bawuti yotulutsira oilo: soketi ya makona asanu ndi limodzi, dzanja limodzi, basi. Paipi yoonjezera pa sipanala ndi yomasulira nati ya ekiselo ikakakamira, si yomangira. Torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, n'njabwino koma n'njodula, ndipo kwa munthu wongosintha oilo ndi kukunga tcheni, sipanala yaifupi imamuletsa kale kupyola muyezo.

Amene manja anu azolowera mungaonjeze kageji ka timapepala tachitsulo koyezera mpata. Mpata wa pulagi ndi 0.6 mpaka 0.7 mm. Wa mavalavu umakhala pakati pa 0.05 ndi 0.08 mm pa injini zambiri zoterezi, injini itazizira, koma tsatani za m'kabuku kanu. Kamita ka magetsi nako, ngakhale kotchipa, kamathetsa mikangano: batire labwino limaonetsa mavoti cha m'ma 12.6, ndipo injini ikamalira mwakweza moto pang'ono lizifika 13.5 mpaka 14.5. Likapanda kukwera, kawirikawiri vuto si batire, musathamangire kutaya ndalama kugula lina.

Kupyola apo, imani. Chokokera magineto, chogwirira kilatchi, zotsegulira injini pakati, zimenezo n'za amakaniko. Mudzazifuna mwina kamodzi pa zaka zingapo, ndipo kukhala ndi chida si kudziwa ntchito. Amakaniko athu, ena anadutsa ku TEVETA, ena anaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, akutsegula injini tsiku lililonse. Iwonso amasangalala kulandira njinga ya manati amoyo, ntchito imafulumira. Ngati a pa siteji imodzi mukufunitsitsa zida zikuluzikuluzo, sonkhani mugule za gulu, zizisungidwa ndi msungichuma, monga mmene mumasonkherana pa maliro ndi pa matenda.

Ndisaiwale mabwana amene muli ndi njinga ziwiri zitatu n'kupatsa anyamata kuti azikubweretserani ya tsiku. Inu mumafuna ndalama yokwana madzulo alionse, koma pampu simunagule, sipanala simunagule, kenako mukalipa kuti mnyamata waononga njinga. Iyeyo achotse pa kakeko kugulira zida njinga ya eni? Kugula zida ndi udindo wanu, bwana. Komanso pogula njinga yatsopano funsani kathumba ka zida kamene kamabwera nayo, kamakhala kuseli kwa chivundikiro cha m'mbali kapena pansi pa mpando. N'zofewa, koma pa njira ya ku Thavite dzuwa likulowa zikhoza kukufikitsani kunyumba.

Zikagulidwa zisamagone pansi pakhonde. Chinyezi cha kunyanja kuno chimadya chitsulo msanga, makamaka inu a ku Senga Bay ndi ku Chipoka. Zipukuteni ndi sanza ya oilo, ziikeni m'chitini chotseka, kutali ndi ana amene amaona soketi ngati choseweretsa. Pa za kubwereketsa ndiye ena mundida, koma ine sipanala yanga situluka pa geti, makamaka ya 10. Wofuna kumanga kanthu abwere nayo njingayo, mpando ndimupatsa, amangire pompano ine ndikuona.