Ana apange zigoba kusukulu, koma za Gule tizisiye kudambwe

Aphunzitsi a Expressive Arts, lero ndabwera kwa inu. Ana athu ambiri amadziwa kulemba tanthauzo la chigoba m'kope, koma sanachipangepo ndi manja awo. Chifukwa chake tikuchidziwa tonse: mayeso a MANEB a Arts and Life Skills ndi olemba, ndiye phunziroli limathera pa manotsi a pabolodi. Mukafunsa, yankho limakhala lakuti zipangizo kulibe.

Zipangizo zake ziti? Dongo lili kudambo. Mwana aumbe nkhope ya Kalulu kapena Fisi, ikauma aipake mafuta ophikira pang'ono kuti mapepala asakakamire. Kenako ang'ambe nyuzipepala zakale kapena mapepala a m'makope otha, aziviika m'phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, n'kumamata pamwamba pa dongo lija kanayi kapena kasanu. M'phalamo muthiremo mchere, umachedwetsa nkhungu. Zikauma padzuwa, chigoba chimachoka chokha, chopepuka koma cholimba. Utoto ndi makala, phulusa ndi katondo, ndevu ndi khonje. Ngati kalasi ndi ya ana 100, agaweni m'magulu, ndipo a Sitandade 1 ndi 2 katoni ndi ulusi wa thumba ziwakwanira. Chokhacho, maso muziboola ndinu, lezala isazungulire m'manja mwa ana.

Phindu lake limaoneka pa sewero. Mwana wamanyazi, uja amayankha akuyang'ana pansi, akavala nkhope ya Fisi mawu amatuluka. Anzake akamaseka amadziwa kuti akuseka Fisi, osati iye.

Pomwe ndimasiyana ndi ena ndi apa. Alipo amene amati poti Gule Wamkulu ndi chuma chathu, UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndiye ana azitengera Chadzunda, Maliya kapena Simoni m'kalasi. Ine ayi. Kwa eni mwambo, chimene chimatuluka m'bwalo ndi chilombo, mzimu, ndipo nkhope zake zimakonzedwa kudambwe ndi anthu olowa. Kuuza mwana wosameta kuti aumbe Chadzunda n'kumuvala pa asembule ndi kuputa dala mkangano ndi mafumu. Mbali inayo kuli makolo opemphera amene akangomva kuti kusukulu akupanga zinyau, mawa lake mwana sabwera. Mphunzitsi atsala pakati, ndipo ahedi adzangoletsa zigoba zonse, ndi za Kalulu zomwe.

Ofuna kuti ana adziwe za Gule, njira ilipo. Ku Mua, m'boma la Dedza, kuli Kungoni, malo amene anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976. M'nyumba yawo yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli zigoba za Gule zoposa 400, ndipo zimafotokozedwa mwaulemu. Sukulu zomwe zingathe zipite kumeneko. Zakutali ziitane agulupu kapena akuluakulu a mwambo kuti anene okha zimene ana angamve.

M'kalasimo nthano zathu zili ndi nkhope zokwanira teremu yonse: Kamba, Nyani, Mkango, Nadzikambe. Onjezani za masiku ano, kondakitala wa minibasi, mavenda, katangale wamimba yaikulu, udzudzu wa malungo. Aphunzitsi amene munayesapo, phala la ufa woyera likumata bwino ngati la chinangwa? Tiuzeni, poti chinangwa sichipezeka paliponse.