Galimoto imene sungaikonze wekha si yako

Ndapsa mtima ndipo ndiyankhula. Loweruka lapitali tili pa chinkhoswe ku Rosettenville, mlamu wanga anandiseka pagulu: "Alamu, chiphapha chanuchi mudzachitaya liti?" Akunena Nissan 1400 yanga, bakkie (pikapu) imene yandidyetsa zaka zonsezi muno m'Joni. Anthu gwagwagwa kuseka. Usiku womwewo cha m'ma 10 koloko foni ikulira, ndi yemweyo. Galimoto yake yatsopano, yonyezimira ija, yazima pa N1 kufupi ndi Midrand.

Ndinanyamula masipanala n'kuthamangirako. Kutsegula boneti, pulasitiki yekhayekha, injini yosaoneka n'komwe. Ndati tiikankhe, akuti ndi otomatiki, siilira pokankha. Ndati ndiikoke ndi chingwe, akuti giyabokisi iwonongeka. Kanyali kachikasu kakungoyaka pa dashibodi, ife tili chilili, ndipo mukudziwa nokha kuti msewu wa Joni usiku si poima munthu. Tinadikira mpaka kunabwera galimoto yonyamula. Lolemba amakaniko akuti ailumikize kaye ku kompyuta, kulumikiza kokhako n'kolipira. Vuto lonse kasensa kochepa ngati chala cha mwana!

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Galimoto imene sungaikonze wekha si yako. Makiyi ukhoza kusunga, mapepala akhoza kukhala m'dzina lako, koma mwini wake ndi uja ali ndi kompyuta. Iwe ndiwe wongoyendetsa. Yanga ikatsokomola ndimadziwa kuti ndi kabureta, mapulagi kapena lamba wa fani, ndimaimva ndi khutu ngati mayi amvera kulira kwa mwana wake. Batire ikafooka, anyamata awiri akankhe, giya yachiwiri, kusiya kilachi, yalira, tapita. Mukuganiza kuti ku fakitale ya Nissan ya ku Rosslyn anapanga 1400 mpaka 2008 chifukwa anasowa chochita? A Volkswagen nawo anapanga Citi Golf ku fakitale yawo ya ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009, zaka 25, thupi lomwelo. Anthu ankazifuna chifukwa zimamvera mwini wake. Zida zake mpaka lero uzipeza m'masikirapu osavutika.

Musandiuze za ma airbag ndi kusamwa mafuta, ndikudziwa, sindikukana. Makampani akufuna tizibwerera kwa iwo, basi. Koma ine ndikunena za umwini. Chinthu chimene chikafa umayamba wapempha chilolezo kwa wina kuti chidzuke, chimenecho n'chobwereka. Ukulipira ngongole mwezi ndi mwezi pa chinthu chimene sungachigwire ndi sipanala, ndiye uziseka ine?

Ndipo inu amene mukugula zoterezi n'kumapita nazo kumudzi pa Khirisimasi kuti akuoneni, mumaganiza? Kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kukalowa pa Mwanza, ulendo wonsewo mukudalira kasensa. Ikakazima pakati pa Tete ndi Zobue, dzuwa lija likuswa mtengo, kompyuta mukaipeza kuti? Chaka chatha mnzathu wina anasiya yake kwawo ku Mzimba. Matayala opyapyala aja anatha m'maenje, kanyali kanayaka, amakaniko a pa msika anangoiyang'ana n'kupukusa mutu. Ili pansi pa mtengo wa mango mpaka pano, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake, iye anabwerera pa basi.