Foni m'mbali mwa msewu ikhoza kutiuza spidi ya galimoto

Abale inu, mudayamba mwaimapo m'mbali mwa msewu galimoto n'kudutsa ikuliza hutala? Ikamabwera mawu amamveka okwera, ikangokupitirirani basi atsika, asanduka besi. Dalaivala sanasinthe kanthu ayi, ndi mafunde a mawu amene amapanikizana galimoto ikamabwera kenako n'kutambasuka ikamapita. Wasayansi Christian Doppler wa ku Austria anazifotokoza mu 1842, ndiye mu 1845 wasayansi wina, Buys Ballot, ku Netherlands anakweza oimba malipenga pa sitima yapamtunda kuti anthu azimve okha ndi makutu awo.

Nde apa mpamene pandisangalatsa ine. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho ukajambula phokosolo ndi maikolofoni ngati ya mu foni, kompyuta imayerekeza kukwera ndi kutsika kuja n'kukuuza spidi. Pa 60 km pa ola kusiyanako kumakhala cha m'ma 10 peresenti, pa 100 kumayandikira 18. Hutala safunikanso, injini ndi matayala zimakwanira, paja galimoto yaing'ono ikathamanga phokoso lambiri limachokera ku matayala pa phula osati injini.

Koma ndinene pano, ine sindingavomereze kuti munthu alipitsidwe chindapusa ndi zimenezi. Dalaivala akasintha giya ali pafupi ndi maikolofoni mawu amasintha okha, mphepo ikawomba imasokoneza, lole ndi njinga yamoto zikadutsana nthawi imodzi phokoso limasakanikirana, nde wathamangayo ndi uti? Zolanga zisiyireni kamera ya apolisi yomwe imaloza galimoto imodzi n'kuonanso nambala.

Pomwe ndikuzifuna ine ndi pa geti la sukulu. Makolo amadandaula mpaka kutopa kuti magalimoto akuuluka pamenepa ikani mahampu, akuluakulu amangoyankha kuti umboni uli kuti. Mangirirani kamaikolofoni pa mtengo sabata yathunthu, usiku ndi usana poti mdima sukakhudza, mudziwe kuti nthawi yoweruka ana magalimoto ambiri amadutsa pa spidi yanji, mupite nazo ku ofesi zili papepala. Spidi ikawirikiza kawiri mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi, ndipo mwana wa sitandade 1 akamawoloka sayang'ana zimenezo, amangothamangira anzake kutsidya.

Chokhacho, kamakinako kazisunga manambala okha mawu n'kufufuta pompo, kasamatole nkhani za anthu odutsa pansi pa mtengopo.