Nkhondo ya ku Lexington inayambira pa nyumba ya alendo

Ambiri akamafotokoza za 19 Epulo 1775 amangothamangira pa bwalo la udzu la ku Lexington, ku Massachusetts, pomwe mfuti zoyamba za nkhondo yomenyera ufulu wa America zinalirira. Ine ndikuti yang'anani kaye tsidya lina la msewu, pa Buckman Tavern. Amene sanamvetse zomwe zinachitika m'nyumba ya alendo imeneyi usiku uja sangamvetse chifukwa chomwe anthu osakwana 80 anaimira maso ndi maso ndi gulu la asilikali pafupifupi 700 a Britain.

Nyumbayi inamangidwa cha m'ma 1710, ndipo pofika 1775 ankaiyendetsa ndi John Buckman, yemwenso anali m'gulu loteteza mudzi. M'midzi ya nthawi ya atsamunda, nyumba ya alendo inali zonse: apaulendo kugona, akavalo kudya, amuna kumwa ndi kuwotha moto, uthenga wochokera ku Boston kufikira pomwepo.

Paul Revere, mthenga wochokera ku Boston, anafika cha pakati pa usiku kudzachenjeza kuti asilikali a Britain akubwera. Belu linalira, amuna oposa 100 a gulu loteteza mudzi anasonkhana pansi pa Kaputeni John Parker. Anatuma azondi pamsewu wa ku Boston, koma ena anagwidwa ndi adani, wina anabwerako n'kunena kuti sanaone kanthu. Kunja kukuzizira, Parker anawabalalitsa n'kuwauza kuti abwerere akamva ng'oma. Apafupi anapita kwawo, otsala analowa kwa Buckman. Vuto linayambira apa. Thaddeus Bowman, mmodzi wa azondi aja, atabwera ndi uthenga woona m'bandakucha, adani anali atayandikira kale mudzi, ndipo ng'oma ya William Diamond sikanatha kubweza onse pa nthawi yake.

Pali kanthu kena komwe ndimakakonda kwambiri chifukwa kamaonetsa mmene mfuti za gogodera zinkagwirira ntchito. Kuti uike chipolopolo umaluma kapepala ka wonga, kuthira pang'ono m'kambale ka pambali, wotsala m'mpope, kenako chipolopolo, n'kutsendera ndi kachitsulo. Msilikali wozolowera ankawombera katatu pa mphindi imodzi. Koma mfuti yotere ikadzazidwa, kuitulutsa chipolopolo ndi ntchito yotopetsa, ndipo wonga ukakhalitsa umakoka chinyezi n'kukana kuyaka. Kulowa nayo m'chipinda chodzaza anthu, moto uli lawilawi, ndi ngozi. Njira yachidule inali kuiwombera m'mwamba. Amuna ena anachita zimenezi asanalowe kwa Buckman, ndipo asilikali a Britain, omwe anali atagwira Revere atachoka m'mudzimo kulowera ku tauni ya Concord, atamva kulirako anachita mantha n'kumumasula, atamulanda kavalo. Revere yemweyo ndiye anadzathandiza John Lowell, mlembi wa John Hancock, mtsogoleri wa otsutsa ulamuliro wa Britain, kutulutsa bokosi la mapepala a Hancock m'chipinda chapamwamba cha nyumbayi, adani akulowa m'mudzi.

Pa bwalo panafa anthu 8 a m'mudzi, 10 anavulala. Mmodzi wa ovulala anali Prince Estabrook, munthu wakuda amene anali kapolo, ndipo dzina lake siliyenera kusiyidwa.

Chitseko chakale cha nyumbayi chikusungidwabe mkati, chili ndi bowo lomwe amati ndi la chipolopolo cha asilikali a Britain. Chioneni, koma musachiyese umboni wa amene anayamba kuwombera. Bowo limangonena kuti chipolopolo chinadutsa, silinena nthawi. Mbali zonse ziwiri zinalozana chala, ndipo mpaka lero nkhaniyo sinathe.

Madzulo a tsiku lomwelo nyumba ina ya alendo m'mudzi womwewo, Munroe Tavern, inalandidwa ndi asilikali a Earl Percy, mkulu wa asilikali a Britain, n'kusanduka likulu ndi chipatala chawo pomwe anzawo ankathawa kuchokera ku Concord. John Raymond, amene ankayang'anira nyumbayo, anaphedwa pomwepo. Amene angafike ku Lexington aone nyumba zonse ziwiri, ayambire kwa Buckman.