Nanga khofiyo ndi wochokera kuti?

A mtolankhani, mwalemba kuti malo abwino omwera khofi mumzinda wa Blantyre amadziwika ndi mipando ya wofuwofu komanso intaneti yaulere, koma simunafunse kumene khofi amene akugulitsidwa m'malomo amachokera. Ine ndimakhala ku Thyolo, kumene esiteti ya Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, imalima khofi kuwonjezera pa tiyi amene ambiri amamudziwa.

Mwezi watha, nditapita ku Blantyre kukaona mwana wanga, ndinalowa m'malo ena ooneka bwino pakati pa tawuni, ndipo anandipatsa khofi wa m'chitini wochokera kunja pamtengo umene kwathu kuno ndikanagulira ndiwo za masiku awiri. Nditafunsa ngati ali ndi wa ku Thyolo kapena wa ku Mzuzu, mayi amene ankaperekera zakumwayo anangomwetulira mwaulemu, ndipo sindinawaimbe mlandu chifukwa si iwo amene amapikula katundu.

Mwaiwalanso nkhani ya magetsi, pakuti akazima pamalo opanda jenereta makina a khofi amaima, ndipo intaneti mwaitamandayo imathera pomwepo. Anzanga amene mumakwera minibasi kuchokera ku Luchenza kapena ku Bvumbwe, muzifunsa zinthu ziwirizi musanakhale pampando.