Kuzizira si kubwerera m'mbuyo

Ndapsa mtima ndipo sindibisa.

Dzulo pa gulu lathu la mapemphero la pa WhatsApp, mlongo wathu amene akutumikira Ambuye mumzinda wa Glasgow, m'dziko la Scotland, analemba uthenga. Sanapemphe ndalama. Anangoti tiziwakumbukira, chifukwa chiyambireni Novembala akuvutika kudzuka, thupi lili lefu, ndipo nthawi zina misozi imangotsika osadziwa chomwe akulirira. Mkulu wina wa mpingo n'kuyankha kuti, "Mlongo, mwazilala. Kale munali moto inu. Salani kudya masiku atatu." Ena n'kumaika timanja topemphera pansi pake ngati walankhula zanzeru.

Kuzilala? Inu bambo, munauonapo mdima wa Disembala kumeneko? Dzuwa limatuluka cha m'ma 9 koloko m'mawa, isanakwane 4 koloko masana lalowa kale. Maola 7 okha, ndipo masiku ambiri limakhala kuseri kwa mitambo, kamvula kakuwaza tsiku lonse. Munthu amachoka m'nyumba kuli mdima, kubwerako kuli mdima. Mlongoyu tinkalankhulana pa vidiyo Lamlungu lapitali, atavala jekete m'nyumba momwe, manja atafumbata kapu ya tiyi kuti zala zimve kutentha, pazenera kuli bii nthawi ili 4 koloko. Ndipo m'mawa wa tsiku lomwelo anali atatsegula tchalitchi okha, kuyatsa hita, kuyala mipando, n'kubwera anthu ochepa okalamba. Anawalalikira ndithu. Ameneyo ndiye mukuti wazilala?

Chasintha ndi nyengo, osati chikhulupiriro. Ndikubwerezanso: chazizira ndi dziko, osati mtima wa munthu. Mlongo yemweyu mu Juni, dzuwa likulowa cha m'ma 10 koloko usiku, ankatitumizira zithunzi akugawa timapepala ta uthenga mumsewu, inu n'kumati aleluya. Mulungu wa mu Juni ndi yemweyo wa mu Disembala. Kapena mukuganiza kuti Mzimu Woyera amayendera wotchi ya dzuwa? Madokotala akumeneko amalangiza ndithu anthu kumwa vitamini D m'miyezi yachisanu, makamaka ife akhungu lakuda, koma zimenezo ndi zina.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu simunamve, khalani chete.

Ndipo Baibulo mumaliwerenga lomwe lija? Paulo, mtumwi weniweni, ali m'ndende analembera Timoteo kuti amutengere chofunda chimene anachisiya ku Trowa, n'kumuuzanso kuti afulumire kufika nyengo yachisanu isanayambe. Tsegulani 2 Timoteo 4, ndime 13 ndi 21. Paulo ankazizidwa! Mumuuzenso kuti wazilala. Eliya atatopa mpaka kupempha imfa pansi pa kamtengo m'chipululu, mngelo sanamupatse masiku atatu osala kudya. Anamudzutsa kuti adye, amwe madzi, n'kumusiya agonenso. Kawiri konse anamudyetsa. Zili pa 1 Mafumu 19. Mngelo anabwera ndi mkate, inu mukubwera ndi chiweruzo.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti mlongoyu sanayankhenso. Anachotsa uthenga wawo uja. Tsopano tsiku lina akadzalemedwa koposa apa adzauza ndani? Munthu waulula kufooka kwake kwa abale, abale n'kumuyesa wochimwa. Kulira m'nyengo ya mdima si kubwerera m'mbuyo. Kutopa si tchimo. Wobwerera m'mbuyo sadzuka kukatsegula tchalitchi kukuzizira chonchija.

Komanso poti ndayamba, ndinene ndi izi. Anthu omwewa amene mukuyeza moto wa mlongoyu, thandizo lomwe munalonjeza pa tsiku lowatsanzika lija lili kuti? Miyezi iwiri tsopano silinatumizidwe. Koma mauthenga am'mbali opempha foni ndi laputopu ndiye osaleka, ati poti ali kunja ndiye kuti ndalama akuchita kutola. Hita ija imayendera magetsi, ndipo magetsiwo amalipira okha.